Khobidi la Azakhali Badriya

Izi sindinamve kwa anthu ayi. Ndinalipo ine, analiponso alamu anga Nagat, akazi a achimwene anga, ndipo akadali moyo kuno ku Alexandria, mutha kukawafunsa.

Achimwene anga Rifaat ankatolera makobidi agolide osulidwa pokumbukira zochitika zazikulu. Ankawasunga m'bokosi loyalidwa nsalu yofiira, lililonse m'kadzenje kake. Kadzenje kamodzi kanali kopanda kanthu, kodikira khobidi lokumbukira ukwati wa mfumu, lomwe azakhali athu Badriya ankavala m'khosi.

"Udzachite kundidula khosi, fisi iwe," ankatero azakhali.

"Ndidikira. Kodi mwatsala ndi zaka zingati, amayi inu?"

Tsiku lomwe anamwalira, asanasambitsidwe n'komwe, mkanda wawo unapezeka wodulidwa ndi lumo, khobidi palibe. Ndinawatukwana achimwene pamaso pa olira.

"Wakuba! Kubera maliro!"

"Tseka pakamwa, Samiha. Manda savala golide."

Lachisanu lotsatira ndinapita kwawo kukapitiriza ndewuyo. Anali masana, dzuwa lili paliwombo, amuna onse ali kumzikiti kupatula iwo. Anakhala pabalaza akupukuta khobidilo, osandiyang'ana.

Kenaka mumsewu munati zii. Ngakhale ogulitsa buledi anasiya kukuwa.

Fungo la lubani losakanikirana ndi fodya wa m'mphuno linadzaza m'nyumba. Fungo la azakhali.

Pamasitepe panamveka patapata. Khwe. Khwe. Mwendo umodzi wokoka.

"Mwakhoma chitseko?" ananong'ona Nagat.

"Ndakhoma," ndinayankha.

Khwe. M'kati tsopano.

Bokosi linali lotsegula patebulo, palibe amene analigwira. Khobidi loyamba linadzuka lokha n'kugwa chafufumimba. Ngwee. Lachiwiri. Ngwee. Onse, limodzilimodzi, mosafulumira, ngati munthu akusankha mpunga.

Achimwene anafumbata la azakhali lija. "Ndi langa," anatero mano ali gwa. "Pitani mukagone!"

Mutu wawo unapendekera kumbali, phaa! Patsaya panatuluka zala zinayi zofiira.

Nagat anapakira katundu tsiku lomwelo n'kubwerera kwa makolo awo. Ine ndinawachonderera achimwene kuti akalikwirire khobidilo pamanda a azakhali. Anandithamangitsa ndi ndodo.

Chaka chatha ndinapitanso, nditamva kuti akudwala. Ndinawapeza ataonda, chibakera chikadali chofumbata, zikhadabo zitalowa m'mnofu. Ndinakoka mpando woyandikana nawo kuti ndikhale.

"Osati pamenepo," ananong'ona osatembenuka. "Pali munthu."

Mpandowo unalira, ngati wina akudzikonza kakhalidwe.