Kampata Kamene Hubert Anatseka

Ndikulumbira pali manda a amayi anga ku Bua: ngati muli bodza ngakhale limodzi m'nkhaniyi, ng'ona indidye masana ano! Ine Timoteyo ndinaona ndi maso angawa, maso oona usipa uli tsidya la nyanja.

Nthawi ya atsamunda, boma lathu likutchedwa Kota Kota, kunali fundi, mmisiri wa mipope, dzina lake Hubert. Umphawi wake unali woti makoswe anasamuka m'nyumba mwake akulira. Ntchito yake inali m'mabafa a azungu, kumata kambale kachitsulo kobisa pamene paipi ya shawa yatulukira m'khoma la matailosi. Amisiri onse ankadziwa lamulo lake: umate pamwamba ndi m'mbali, koma pansi usiye kampata, kuti madzi olowa kuseri apeze potulukira. Hubert ankatero, koma azungu ankakonda kuitana fundi mnzake Cyril wa ku Benga, amene anali atagula njinga. Belu la njingayo likalira, Hubert chakudya sichinkatsika.

Tsiku lina dzuwa lili paliwombo anapita ku Chia kwa sing'anga Sailesi. Mkuluyo anamvetsera akusenda chinangwa, kenaka anamupatsa ufa wotuwa m'chigoba cha nkhono, nati aziusakaniza m'phala lake lomatira.

"Muzimata kuzungulira konse, fundi. Kampata kaja musasiyenso."

"Nanga madzi akuseri azitulukira kuti, bambo?"

"Madzi sasowa kopita. Kunyumba kwanu mulipo angati?"

Hubert anati alipo awiri, iye ndi mkazi wake Muriel. Sailesi anamwetulira nati awiri akwanira. Hubert anamva bwinobwino, musamunamizire ugonthi, koma m'makutu mwake munkalira belu lija.

Ntchito yake inayamba kuwala. Makoma osadontha, osachita ndere, madona n'kumaitanizana kudzaona. Chaka chimodzi anamata mashawa mazana anayi! Anamanga nyumba yamalata, nagula njinga ziwiri, ina yokwera, ina yongoyenda nayo pambali kuti Cyril aone.

Koma mzungu aliyense akasamba, Muriel ankalemera. Anayamba kutupa mapazi, kenaka miyendo, kenaka mimba. Akamayenda m'thupi munkamveka khuvukhuvu ngati mtsuko wosadzaza. Thukuta lake linkanunkhira sopo wa azungu, sopo amene iye sanamugwirepo chibadwire. Kuchipatala anamuchotsa ndowa zisanu ndi ziwiri, kutacha zinali zitabwerera.

M'mawa wina, akulephera kudzuka pamphasa, anamugwira mwamuna wake dzanja.

"Bambo, madzi amenewa ndi a yani? Ine sindinamwe."

Hubert anapalasa njinga mpaka ku Chia. Sailesi sanadzutse n'komwe mutu, anangoti ngati akufuna kampata akaboole yekha. Hubert anatenga msomali, tchizulo ndi hamala nalowa m'bafa la mzungu wina osaodira. Msomali unapindika. Tchizulo chinathyoka. Matailosi anasweka onse, koma phala lija linangoti gwa, ngati lamera m'chitsulo. Anamutulutsa ngati mbala.

Pofika kwawo anapeza azimayi akulira maliro, madzi ofunda akutuluka pakhomo ngati mfuleni. Bokosi la Muriel tinanyamula amuna makumi awiri, ine kutsogolo, likudontha mpaka kumanda.

Sabata isanathe nsapato za Hubert zinayamba kumuthina. Pamenepo mutu unasokonekera. Ankayenda ndi msomali kuboola kunsi kwa chilichonse, mitsuko, nkhokwe, mabwato a anthu, n'kumagwada pazipata za azungu kuwapempha kuti asasambe. Iwo ankasamba kawiri patsiku. Tinamupeza kumathiriro a Bua atafa, atatupa ngati mvuu, msomali uli m'manja.

Ndiye inu adyera mumve: chuma chamankhwala chimadya munthu wa m'nyumba mwako, chikamaliza chimatembenukira iwe.

Mphwanga Fidelis, wa sukuluyu, akuti Kota Kota yense mashawa sankapitirira asanu. Zachabechabe! Anali atabadwa iyeyo? Mashawa asanu angalemeretse bokosi mpaka kundithyola phewa ili?