Kaliyala wa Felista

Felista ankakhala pafupi ndi Kacholola. Anali ndi malo amodzi amene ankawakonda kwambiri. Malowo anali pa kaliyala wa njinga ya bambo ake.

Bambo akewo anali a Lazaro. Njinga yawo inali yakuda. Inali yakale. Ana ankaitcha Nkhalamba.

Nkhalamba inachokera kutali. Inachokera ku Mozambique nthawi ya nkhondo. Felista anali khanda. Amayi ake anamubereka kumsana. Anakhala naye pa kaliyala. A Lazaro anapalasa, anapalasa, mpaka anafika ku Zambia. Nkhondo itatha, anzawo ambiri anabwerera. Iwo anatsala.

Felista anakulira pa kaliyala ameneyo. Popita kutchalitchi, pa kaliyala. Popita kuchigayo, pa kaliyala. Ankagwira malaya a bambo ake. Ankaimba. Nkhalamba nayo inkaimba: kwii, kwii, kwii!

Koma njira ya kumudzi inali yamiyala. Inalinso ndi mtunda waukulu. Pa mtundapo Felista ankatsika. A Lazaro ankakankha. Tsiku lina, pa mtunda womwewo, chitsulo chapakati cha Nkhalamba chinathyoka.

"Yalema," anatero a Lazaro. "Yatinyamula zaka zambili."

Anaiimika kuseri kwa nkhokwe. Felista analira kwambiri.

Masiku amenewo zinthu zinkasintha. Zipani zinali zitachuluka. Masitolo anadzaza katundu wakunja. Ku Nyimba kunabwera njinga zachilendo. Zinali ndi matayala onenepa. Zinali ndi magiya ambiri. Anthu ankati zimakwera mapiri.

A Lazaro atagulitsa thonje, anaitana Felista.

"Mailo tiyenda ku Nyimba," anatero. "Ukanithandize kusankha."

M'mawa anakwera basi. Anafika pa sitolo ya amai Anastazia. Panja panali njinga zitatu. Ina yofiira. Ina yachikasu. Ina yobiriwira.

A Lazaro anayamba ndi yachikasu. Anatsina tayala. Anafinya mabuleki. Mabuleki sanagwire bwino.

"Iyi ingatigwetsele mumtsinje," anatero.

Anapita pa yobiriwira. Anatsina tayala. Anafinya mabuleki. Mabuleki anagwira. Koma penti wake anali wokalikakalika. A Lazaro anangoidutsa.

Kenako anafika pa yofiira. Eee, inali yonyezimira! Pansi pa chishalo inali ndi sipuling'i yaikulu.

"Iyi ni mfumu," anatero amai Anastazia. "Pa miyala simumvela kanthu. Yesani, bambo."

Kuseri kwa sitolo kunali kamtunda. A Lazaro anakwera njinga yofiira. Anasintha giya: khe! Anasinthanso: khe! Anafika pamwamba osatsika. Munthu wamkulu wandevu, koma ankaseka ngati mwana. Felista anawomba m'manja.

"Tatenga yamene iyi!" anafuula a Lazaro.

Felista anathamanga kuti akwere. Anafika kumbuyo kwa njinga. Anaima. Panali tayala lokha. Kaliyala panalibe.

"Atata," anafunsa, "nanga ine nizankhala pati?"

A Lazaro anakanda kumutu. Chisangalalo chinawaiwalitsa mwana.

"Izi ni za munthu mmodzi, mwana wanga," anatero amai Anastazia. "Pa sipuling'i kaliyala sakhala."

Mtima wa Felista unawawa. Anaganiza za tchalitchi. Anaganiza za chigayo. Bambo azidzapita okha. Iye azidzatsala pakhomo.

Koma sanalire. Anagwada pansi. Kaliyala ankamudziwa bwino. A Lazaro akamamanga kaliyala wa Nkhalamba, iye ndiye ankagwira mabawuti. Mabawutiwo ankalowa m'tizibowo tiwiri. Tizibowoto tinali pafupi ndi tayala lakumbuyo.

Anayang'ana pa yofiira. Tizibowo panalibe.

Anayang'ana pa yachikasu. Tizibowo panalibe.

Anayang'ana pa yobiriwira. Anapukuta fumbi ndi chala.

"Atata, bwelani! Tulipo! Tuli monga twa Nkhalamba!"

A Lazaro anawerama. Amai Anastazia nawonso anawerama.

"Aa! Ine wogulitsa sin'natuonepo," anatero amaiwo. "Mwana uyu ali na maso."

A Lazaro anakwera njinga yobiriwira. Anasintha giya: khe! Nayonso inakwera kamtunda kaja. Koma pa miyala inkagwedeza mano.

Anatsika. Anayang'ana yofiira ija. Anaiyang'ananso. Kenako anayang'ana Felista.

"Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere," anauza njinga yofiira.

Nyerere munalibe. A Lazaro ankangodzitonthoza. Anatenga yobiriwira.

Njinga inakwera pamwamba pa basi. Anafika kumudzi dzuwa lisanalowe. A Lazaro anatenga sipanala. Anapita kuseri kwa nkhokwe. Anamasula kaliyala wa Nkhalamba. Felista anagwira mabawuti. Bawuti loyamba linalowa. Lachiwiri linalowanso.

Njinga inali yatsopano. Kaliyala anali wadzimbiri. Anthu odutsa anaseka. Koma amayi a Felista sanaseke. Anasisita kaliyala uja pang'onopang'ono.

"Uyu ndiye anatibweletsa kuno," anatero. "Mwachita bwino kusamusiya."

M'mawa, Felista anakwera pamalo pake. Anagwira malaya a bambo ake. Njinga inayenda mwakachetechete. Inali zii. Felista anakumbukira nyimbo ya Nkhalamba. Anaisowa kwambiri.

Anafika pa mtunda waukulu uja.

"Nitsike, atata?"

"Usatsike. Gwililila!"

A Lazaro anasintha giya: khe! Tayala linagunda mwala. Linagundanso wina. Pamenepo Felista anamva kanthu pansi pake.

Kwii, kwii, kwii!

"Atata, mwamvela?" anafuula. "Kansi amene anali kuimba zaka zonse izi ni kaliyala!"

A Lazaro anaseka. Felista anayamba nyimbo yake. Kaliyala anavomera. Anakwera mtunda wonse akuimba, ndipo palibe anatsika.