Mfumukazi ya Chisumbu cha Mwezi

Ndagi. Kanyumba kokwana m'thumba la malaya, koma mkati mwake muli nyanja, mafumu ndi mwezi; wolowamo samva ngakhale amayi ake akuitana. Musayankhe msanga. Imvani kaye za Clotilda wa kwa Mlolo.

Kwawo kunali kwabwino. Bambo ake, a Paison, anali asodzi komanso akulu a mpingo. Mayi ake, a Esinala, ankalima dimba la mbatata pa kachisumbu ka pakati pa mtsinje wa Ruo, ndipo mphasa zimene ankaluka anthu ankazilondola kuchokera kutali. M'mawa uliwonse ankapemphera atatu pansi pa mtengo wa nimu, mbuzi zikumvetsera.

Panyumbapo panalinso foni yosakhala yawo. Inali ya komiti ya m'mudzi yochenjeza za madzi osefukira. Kumtunda, kufupi ndi mapiri, kunali bambo wina, a Kondwelani, amene ankayang'anira chitsulo choyezera madzi mumtsinje. Madzi akafika pa utoto wofiira, ankatumiza uthenga pa gulu la komitiyo. Ntchito ya a Paison inali kuliza wenzulo kuti onse a kumadimba athawe.

"Kuno madzi sabwera ndi mitambo, mwananga," ankatero a Paison. "Mvula imagwa ku Mulanje, ife dzuwa lili phwee, madzi n'kutipeza tikupalira. Foni iyi ndi khutu la mudzi. Usaiseweretse."

"Ndamva, Baba."

Patchuthi panabwera msuweni wake Molly wa ku Nchalo, mtsikana woseka ndi diso limodzi. Ndiye anamuonetsa Clotilda masewero ena a pafoni.

"Mulibe zithunzi, ndi mawu okhaokha," anatero Molly. "Tili pa gulu anthu khumi ndi mmodzi. Aliyense amasanduka munthu wina. Ine ndine mlenje wamkazi wa uta wagolide. Mmodzi amasimba dziko, enafe timalemba zimene tikuchita mmenemo. Wosimba wathu anatithawa. Iwe ndi mutu wako wodzaza ndagi za malemu agogo uja, ungatiyendetse bwino."

"Foniyi si yathu."

"Nanga ukaigwira ithothoka? Imangogona pa sola ngati mphaka."

Tsiku lomwelo Clotilda analenga dziko. Analitcha Chisumbu cha Mwezi. Nyumba zake zinkayandama pa masamba a nyika, maluwa a m'madzi aja, mvuu zoyera zinkakoka miyadiya, ndipo chipata chilichonse chinkatseguka pokhapokha munthu akayankha ndagi. Ankalemba kuti: "Mwafika pa doko la nkhungu. Ng'ona yovala mikanda yatseka njira. Mutani?" Mayankho ankagwa ngati masau okupsa, ochokera ku Blantyre, ku Mzuzu, wina mpaka ku Joni. "Ndikuiimbira nyimbo." "Ndikusolola mkondo." "Ndikubisala kumbuyo kwa mlenje." Onse ankadikira iye kuti anene ngati nyimboyo yagoneka ng'ona kapena ayi. Ankamutcha Mfumukazi. Kusukulu palibe amene anamudikirapo choncho.

Poyamba ankatenga foniyo bambo ake akapuma masana. Kenaka anayamba kuibisa m'chitenje popita kumjigo, n'kukhala kumeneko mpaka ndowa za anzake zitapita kawiri. Bandulo ya komiti itatha msanga, ananama.

"Ndi netiweki ya kuno, Baba. Imadya yokha."

A Paison anangogula bandulo ina ndi ndalama zawo.

Mayi ake ndiwo sanasunge pakamwa, tsiku limene nyemba zinapserera iye ali pomwepo. "Mwana iwe, thupi lako ndikuliona, koma mwini wake ali kuti? Maso ali tong'o ngati a mlamba wowamba. Ukuyankhula ndi ndani mumtimamo?"

"Palibe, Mama."

"Palibeyo adzakudyetsa tsiku lina."

Chimene chinkamutopetsa Clotilda ndi gulu la komiti lija. Nkhondo ili mkati pa Chisumbu cha Mwezi, foni n'kulira: moni wa m'mawa, madzi ali pa utoto wobiriwira, msonkhano Lachinayi. Nkhungu yonse ija n'kubalalika. Anadandaula kwa Molly, amene anali atabwerera ku Nchalo.

"Ingolitseka pakamwa gululo, ndi belu yemwe," analemba Molly. "Ukatha kusewera utsegula. Zophweka."

Masiku oyamba ankakumbukira kutsegula.

Linali Loweruka la mu Febuluwale, kumwamba kopanda kamtambo ngakhale kamodzi. A Paison ankapita kukavuula maukonde kudambo, kumene netiweki sifika. Anamupatsa Clotilda foni ndi wenzulo m'manja.

"Lero khutu ndiwe. Ikalira, werenga. Akati pofiira, usadikire munthu."

Mayi ake anawoloka kupita kudimba, madzi akulekeza m'mawondo, khasu paphewa. Ali kutsidya anatembenuka n'kumukwezera dzanja.

Tsikulo ndi limene osewera onse anapangana kufika pa chipata chomaliza. Clotilda anakhala pansi pa nimu, natseka gulu la komiti pakamwa, ndi belu yemwe. Mawu ankabwera okha, okoma ngati uchi. Analemba za nyali zikwi zoyandama, za mbalame zonyamula nyenyezi kukamwa, za mwezi wotsika kudzamwa madzi padoko. Osewera ankachonderera kuti asaime. Mthunzi wa nimu unachoka pa iye n'kupita kwina, iye osadziwa.

Chimene chinamudzutsa ndi mbuzi. Zinkalira zonse pamodzi. Kenaka anamva mkokomo ngati wa mphepo m'munda wa nzimbe, koma tsamba ngakhale limodzi silinkagwedezeka.

Anatsegula gulu la komiti lija. Munali mauthenga asanu ndi awiri a a Kondwelani. Woyamba unali utafika maola awiri apitawo. "Afika pofiira. Lizani wenzulo." Wina: "Akukwerabe." Womaliza: "A Paison, ndaimba kanayi. Mwamva kodi?"

Anathamanga akuliza wenzulo mpaka milomo kuchita magazi. A m'madimba a tsidya lino anathawa, makasu n'kuwasiya. Koma pamene panali kachisumbu panali madzi ofiira, othamanga, onyamula nthochi ndi mizu yomwe.

A Paison anafika madzulo, koma mwadiya sukanatha kudula mkokomo umenewo. Anawoloka m'mawa mwake. Anawapeza akazi awo mumtengo wa mthethe, atakangamira nthambi za minga, madzi akuwanyambita mapazi. Anachita kuwamasula zala chimodzichimodzi. Mabala aja anatukusira, ndipo atapola, zala za dzanja lamanja sizinapindikenso.

M'mudzi anthu anayamba kunena a Kondwelani. Ena ankati anali ataledzera, ena ankati achotsedwe. A Paison anamufunsa Clotilda kamodzi kokha.

"Uthenga unafika nthawi yanji?"

"Mochedwa, Baba."

Clotilda atamuululira zoona, Molly analemba kuti: "Fufuta mauthengawo. Adziwa ndani? Ndipo anthu akufunsa, chipata chija chitseguka liti?"

Clotilda anaika chala pamalo ofufutira. Pamenepo anamva mayi ake akuyankhula ndi mayi wina wodzawazonda, ali gone pamphasa imene anailuka okha.

"Musamunene munthu wa kumtunda uja. Mwina foni inamuthera moto. Ndili mumtengo muja ndinkangothokoza kuti Clotilda wanga sindinamutenge."

Chala chija chinabwerera chokha.

Lamulungu kutchalitchi, mapemphero atatha, Clotilda anaimirira anthu asanatuluke. Anawerenga mauthenga onse asanu ndi awiri, ndi nthawi imene uliwonse unafika. Ananena za bandulo, za bodza, za gulu limene analitseka pakamwa. Bambo ake sanamumenye. Anangotenga foni ndi wenzulo n'kuzipereka kwa wapampando wa komiti ndi manja awiri, ndipo kuyambira tsikulo khutu la mudzi limagona nyumba ina.

Ali panjira, mayi ake anamugwira phewa ndi dzanja lamanzere.

"Takhuta, zikomo ponena zoona. Koma khasu ndi lako tsopano."

Mpaka lero pakhonde pawo pali mphasa yolukidwa theka. Clotilda akuphunzira kuimaliza, mayi ake akumulozera ndi chibwano pamene walakwitsa. Chisumbu cha Mwezi chinaima pa chipata chomaliza, ndipo osewera aja anapeza wosimba wina sabata isanathe.

Yankho la ndagi ija mwalidziwa. Kulota si tchimo, anzanga, ngakhale kusimba nthano. Tchimo ndi kuba chimene unapatsidwa kuti usunge, kunamiza makolo, ndi kutseka khutu limene anthu ena akulidalira. Ukasowa m'dziko lopeka amaika wina m'malo mwako. Dzanja la mayi ako palibe amene angalilembenso.