Nkhope Pansi pa Penti Woyera

Tsiku limene anakumana, mtsikanayo anatsala pang'ono kumumenya ndi chikwama!

Anali atangokhala pa benchi ya pa siteji ya basi, atavala siketi yoyera yosita bwino, pamene mnyamata wina anatulukira akuthamanga, burashi ili m'manja.

"Asisi, dzukani! Penti ameneyo sanaume!"

Anadzuka, koma mochedwa. Siketi yonse kumbuyo inali mizeremizere yachikasu.

"Mumapenta benchi osaika chikwangwani? Mutu wanu ukuyenda bwino?"

"Chikwangwani chilipo, asisi. Mwachikhalira."

Anthu onse pasitejipo anafa nacho chiseko, mpaka mtsikanayo naye anaseka. Kuyambira tsikulo mnyamatayo anamutcha Chikasu, iye n'kumubwezera dzina lakuti Wapenti.

Chikasu anali mlembi ku ofesi yothandiza aluso a mumzindamo. Wapenti ankapenta mabenchi ndi zikwangwani za mashopu kuti apeze chakudya, koma luso lake lenileni linali kujambula anthu. Ndiye pakamwa pakepo, abale inu, shuga yekhayekha!

"Chikasu wanga, lero ndasakaniza mitundu yonse, koma wa maso ako wandikanika," unkatero uthenga wa pafoni.

"Bodza lakolo! Wadya koma?"

Loweruka lililonse kwa mwezi wathunthu, Chikasu ankakhala pa kampando m'kachipinda ka Wapenti, khosi litauma gwa, uku akumujambula pa chinsalu chachikulu chimodzi chokha chimene anali nacho. Tsiku limene anachiona chitatha, misozi inangotsika yokha. Kodi ndiye kuti iye ndi wokongola chonchi?

"Ichi sindidzagulitsa, mtima wanga, ngakhale njala indipinde chotani," anatero Wapenti. "Ndalumbira."

Kenaka zinthu zinavuta. Alandilodi anamuuza Wapenti kuti asamuke pakutha pa mwezi, ati fungo la penti likudwalitsa ana a maneba. Achimwene ake anamupezera ntchito yonyamula katundu m'sitolo, ku tawuni ina yakutali kwambiri.

"Aluso tonse tikutha muno, Chikasu. Woumba uja wapita, wagitala uja wapita. Ndijambulira kuti ine, pamsewu?"

Chikasu mtima unamuwawa kwambiri.

Koma patangopita masiku awiri, anamuimbira foni akuchita kupuma wefuwefu.

"Wapenti! Usapakire katundu! Ofesi yathu yakonza nyumba yakale yosungiramo katundu ija, yatulutsamo zipinda khumi za aluso, zaulere kwa zaka ziwiri! Pali mawindo akuluakulu, madzi, magetsi, chilichonse! Ungobweretsa chithunzi chimodzi Lachisanu likubwerali, akomiti asankhe."

"Ukunena zoona? Duwa langa, ndikapeza chipinda chimenecho, sindisuntha mpaka imvi!"

Lolemba madzulo ataweruka, Chikasu anathamangira kwa Wapenti ndi fomu yofunsira chipinda, akuimba panjira ngati mwana. Anakankha chitseko, n'kuima chilili.

Chinsalu chija chinali pamalo ake, koma choyera mbee! Wapenti anali atachipaka penti woyera, monga amachitira ojambula akasowa chinsalu chatsopano. Pakona pankaonekabe kandolo ka khutu lake, kozimiririka.

"Nkhope yanga ili kuti?"

"Chikasu, khala pansi kaye ndikufotokozere."

"Unalumbira iwe! Mwezi wonse ndinakhala pa kampando aka, lero wandifufuta ngati chikwangwani cha shopu yotsekedwa?"

Anamuponyera fomu ija n'kutuluka akulira. Mauthenga anabwera motsatizana: "Mtima wanga, yankha chonde." "Sindinakufufute iwe ayi." Sanayankhe ngakhale umodzi. Kodi munthu wofufuta nkhope yako lero, mawa angalephere kukufufuta mumtima?

Lachisanu holo ya ku ofesi inadzaza. Osema, oumba, oluka, ojambula, aliyense ndi ntchito ya manja ake. Chikasu ndiye ankamata manambala pa zithunzi. Atafika pa chinsalu chachikulu chija anachizindikira msanga. Tsopano panali amayi atatu osesa mumsewu, fumbi likuwala ndi dzuwa la m'mawa. Chinali chokongola moti anthu anaunjikana pomwepo. Chikasu anakwiya nacho, koma maso anakana kuchokapo.

Wapampando wa komiti anayamba kuwerenga opambana. Woyamba, wachiwiri, mpaka wachisanu ndi chinayi, Wapenti osamveka. Chikasu anaiwala mkwiyo wonse, anangogwira pamtima.

"Chipinda chakhumi, chithunzi cha amayi osesa!"

Munthu woyamba kukuwa m'holomo anali Chikasu. Abwana ake anachita kutembenuka!

Anathawira panja ndi manyazi, koma Wapenti anamupeza pa masitepe, makiyi a chipindacho ali m'manja.

"Ndamva mawu ako," anatero akumwetulira.

"Ndimakuwira amayi osesawo, osati iwe."

"Chikasu, tamvera. Chinsalu ndinali nacho chimodzi. Ndikanabweretsa nkhope ya mlembi wa ofesi yomweyi, akomiti akanati chiyani? Akanati wandilowetsera kukhomo la kuseri. Ine chipinda ndikanachiphonya, iwenso ntchito ikanakuthera. Ndinalira popaka penti uja, usaone ngati zinali zophweka. Koma ndinayenera kusankha: kupita kutali ndi chithunzi chako, kapena kutsala kuno ndi iwe."

Chikasu anayang'ana pansi, misozi ili mbwembwembwe.

"Bwanji sunandiuze usanapake?"

"Pamenepo ndiye ndinalakwa. Ndikhululukire, wokondedwa wanga."

Wapenti anachotsa kiyi mmodzi pa awiri amene anapatsidwa, n'kumuika m'dzanja la Chikasu.

"Sindikupitanso kulikonse. Achimwene ndawauza kale kuti ntchito ija apatse wina. Ndawauzanso kuti akonzeke, akubwera kudzaonana ndi makolo ako. Ukuti bwanji?"

Chikasu anafumbata kiyiyo mwamphamvu, akuseka uku akulira.

"Ndavomera! Koma ulendo wina, ukasowa chinsalu, uzifufuta nkhope yako!"