Mivi ya Otsika

Mayi wina, telala, ananyamuka pamwamba pa phiri dzuwa litapendeka kale. Anzake a paulendo anali atabwerera masana, pamene njira imasanduka thanthwe lokhalokha. Iye anakana. Zaka zonsezi phirilo ankangoliona pawindo la shopu akupalasa makina, ndipo mpata unali wa lero lokha. Mlamu wake anavomera kukhala ndi amayi a telalayo, amene ankadwala, mpaka madzulo basi. Akapanda kufika, panalibe wina wowatembenuza pabedi kapena kuwamwetsa mankhwala.

Pamwambapo sanapeze zachilendo. Mphepo, miyala ndi chipilala chosweka. Anati apume pang'ono, tulo n'kumuba.

Kutsika kunawawa kuposa kukwera. Nsapato zinamudya zidendene, madzi m'botolo anali atatha. Nkhungu inafika, mdima n'kutsatira. Anayatsa tochi ya foni.

Pokwera ankatsata mivi yofiira yopentedwa pamiyala. Tsopano anaunika uku, anaunika uko. Miyala yonse inali mbuu, popanda muvi ngakhale umodzi.

Analowera kumene kunkaoneka kosavuta, akutsetsereka chokhala. Phazi linafufuza mwala wotsatira... silinapeze kanthu. Kamwala kamene anakagunda kanagubuduzika n'kugwa. Anamvetsera. Sanakamve kakufika pansi.

Phompho!

"Mayi, kumeneko n'kwa mbalame."

Anatembenuka msangamsanga. Pamwala wa kumtunda kwake panali patakhala bambo wina wovala ovolosi yothimbirira, chitini cha penti pakati pa miyendo, burashi m'manja. Analibe tochi.

"Ndasokera, bambo. Mivi ija yalowera kuti?"

"Ilipo. Kungoti imayang'ana okwera. Inu otsika yakupatsani msana." Bamboyo anadzuka ngati munthu amene wasenza katundu tsiku lonse. "Bwererani kuno. Mukadutsa mwala, muzicheuka."

Telalayo anakwawa kubwerera. Anadutsa mwala waukulu, n'kucheuka. Muvi uwo, wofiira, ukuloza kumwamba. Anadutsa wina, n'kucheukanso. Muvi. Bamboyo ankabwera pambuyo pake, chitini chikulira pang'onopang'ono.

Mantha atachepa, mkwiyo unabwera.

"Ndinu munapenta zimenezi? Ntchito yanji yotere? Ine nditasoka malaya kutsogolo kokha, kumsana n'kusiya pamtunda, kasitomala angandisiye wamoyo?"

"Ndinati ya otsika ndipenta pobwerera. Kunandidera."

"Ndiye mulawire mawa mudzamalize."

"Mawa..." Bamboyo anaseka kaphwete kopanda mphamvu. "Ndatopa, mayi. Phiri limeneli ndatopa nalo."

Anapitirira. Telalayo ankapuma mwawefuwefu, timiyala tikugumuka kumapazi kwake. Kumbuyo kunali zii. Kupuma ayi. Mgugu wa nsapato ayi. Chitini chokha.

Pamwala wotsatira anacheuka, tochi n'kumuwomba bamboyo pachifuwa. Muvi unaoneka bwinobwino... kuseri kwa ovolosi. Kuwala kunangomudutsa!

Thupi lonse linachita tsemwe. Anafuna kuthawa. Anafuna asayang'anenso kumbuyo. Koma njira inali kumbuyoko. Akapanda kucheuka, phompho. Akacheuka, bambo uja.

Anasankha bambo uja.

Mwala. Kucheuka. Muvi, ndi nkhope yotopa ija. Mwala. Kucheuka. Foni inazima, mwezi unatuluka pang'ono. Anagwa, anadzuka. Bondo linatupa. Anayamba kutsika chammbuyo, manja pansi ngati mwana wokwawa, maso pa mivi.

Pa kamlatho ka matabwa, pamene mitengo imayambira, anacheuka komaliza. Panali mwala ndi muvi wake basi.

Pageti la m'munsi mwa phiri anapeza mlonda wokalamba atanyamula nyali.

"Mayi! Timati tidzutse anthu akakufuneni. Alamu anu aimba pano mpaka kutukwana. Akuti amayi amwa mankhwala, koma alamuwo mawa sabweranso."

Telalayo anadziponya pabenchi, nayamba kumasula zingwe za nsapato.

"Wopenta wanu uja mumugulire tochi, agogo. Ndipo mumuuze amalize ntchito yake."

Mlondayo anaika nyali pansi mosamala.

"Wa ovolosi?"

"Yemweyo."

"Ameneyo anati apenta njira yonse tsiku limodzi, kukwera ndi kutsika. Pokwera anapentadi. Potsika kunamudera, mivi yake yomwe osaiona. Tinakamutola pansi pa phompho ine tsitsi lidakali lakuda. Chitini sitinachipeze." Anayang'ana kuphiri. "Kuyambira pamenepo palibe amene amavomera kukwera ndi burashi."

Telalayo anavula nsapato imodzi. Sokosi inali itamatirira ku chilonda. Anaikoka pang'onopang'ono, maso ali kuphiri kumene kunali bii.

"Ndiye zaka zonsezi," anatero, "mukudikira kuti amalize yekha?"