Mpando Wakumbuyo wa Tak Deok-bae

Kwathu kuno ku Uiseong, wosauka amanunkha adyo, wolemera nayenso amanunkha adyo, kungoti wolemerayo palibe amene amamuuza. Tak Deok-bae ankauzidwa tsiku lililonse. Anali ndi zaka makumi asanu ndi ziwiri, ntchito yake kusenza matumba a adyo pamsika n'kumakweza m'kalole kake kabuluu ka chitseko chomanga ndi waya. Mkazi wake, amake Mi-ran, ankasenda adyo yemweyo pakhonde mpaka zikhadabo kudyeka. Umphawi Deok-bae ankaupirira. Chimene chinkamukanika kumeza ndi Bang Chun-sik.

Awiriwa anakhalira benchi imodzi kupulayimale, ndipo tonse tikudziwa amene ankaonera masamu a mnzake. Koma tsopano woonerayo anali ndi nyumba zitatu zosungiramo adyo, galimoto yakuda yaitali, ndi dalaivala. Akafika pamsika ankatsitsa galasi pang'ono chabe.

"Deok-bae, aise! Ukadali bulu mpaka pano? Msanawo ukathyoka undiuze, ndikugulire wina."

Deok-bae ankaseka nawo, mtima ukuwira ngati phula.

Tsiku lina amake Mi-ran analandira ndalama za chipereganyu, zimene anasonkha zaka zitatu kuti akonzere denga. Mwamuna anazinyamula, ulendo wa ku Daegu, n'kubwerako ndi chigalimoto cha ku Jeremani, chakuda, mipando yachikopa. Chinali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi, eni ake akale asanu, makilomita zikwi mazana atatu ndi makumi anayi. Mtengo wake unali wa ng'ombe imodzi basi, ndipo chitsirucho chinaganiza kuti chatola. Anathira mowa wa mpunga pamatayala onse anayi, anagwada kawiri katatu monga mwa mwambo. Sabata isanathe, galimoto inakhala pansi chakumbuyo ngati galu wopempha.

Makanika Ma anaizungulira kamodzi, akupukuta manja.

"Achimwene, galimoto izi kugula n'kutola, kusunga ndiye maliro. Kathumba ka mpweya konyamula tayala limodzi, ndalama zake mawoni miliyoni ndi theka, ndipo kabwera pa sitima. Nyali iyi yachita khungu, miyezi iwiri ya msana wanu. Giyabokosi ikutsokomola. Oyilo ikudontha. Mafuta imamwa ngati mkamwini paukwati. Ikaniko nkhuku zizigonamo."

Mwezi wathunthu galimoto inakhala pabwalo, anthu akudutsa dala kuti aseke. Chun-sik anatumiza maluwa a pamaliro. Ndi maluwa amenewo amene anamufikitsa Deok-bae kuseri kwa depoti ya basi, pakanyumba ka nsungwi yokhala ndi mbendera yofiira ndi yoyera, kwa sing'anga wamizimu, Mayi Seol.

Anamupeza masana akusenda nachesi, tsitsi lopaka utoto wofiira, osadzutsa n'komwe mutu.

"Ndiwe wa galimoto yogona ija. Lankhula."

"Ndikufuna idzuke, mayi. Ndikufunanso ndalama zoposa za Bang Chun-sik."

"Ziwirizo n'chinthu chimodzi. Mlimi akaona galimoto yotere pakhomo pake, munda wa adyo amagulitsa asanafunse mtengo. Koma galimoto yako yatopa. Makilomita onsewo ali m'mafupa ake. Kutopa sikufufutika, mwanawe, kumangosamuka. Uli naye woti akusenzere?"

"Kusenza bwanji?"

Mayi Seol anatenga nsomba youma yoyasamula, anaikulunga ndi ulusi woyera, n'kulowetsa m'kamwa mwake kapepala kachikasu ka zilembo zofiira.

"Ukasokerere pansi pa mpando wakumbuyo, kudzanja lamanja, wa ulemu uja, wokhalapo akuluakulu. Wokhalapo akhale wa mphika wako, magazi ako kapena a mkazi wako. Alowe yekha, osamukakamiza. Chimene chadwala pagalimoto chidzatengedwa pa iye."

"Afa?"

"Zitengera mtunda."

"Nanga ndikadzafuna kusiya?"

"Siya. Galimoto ikamva njala imadikira, siiwala. Koma mpando sufunsa dzina. Iwenso ndiwe wa mphika womwewo."

"Ndikupatseni zingati?"

"Thumba limodzi la adyo. Zambiri ukalipira kwina."

Munthu wa mutu akanathawa kusiya nsapato. Deok-bae, asanatuluke pachitseko, anali atasankha kale woyamba.

Apongozi ake anali mayi wa zaka makumi asanu ndi awiri kudza zinayi, wolimba ngati mtengo wa paini, wokwera phiri kukazula bowa atsikana akutsalira. Zaka zonsezi ankamutchula mkamwini wawo kuti "uja wa matumba". Ndiye anadabwa atamuona pakhomo atavala tayi.

"Amayi, tiyeni ndikakusambitseni ku kasupe wa madzi otentha. Khalani apa, pa ulemu."

"Ha! Lero dzuwa latulukira kumadzulo. Zikomo, mwananga."

Galimoto inanyamuka ikukwakwaza msewu, inabwerako itaima njo ngati mkwatibwi. Apongozi ndiwo anakanika kutsika. Maondo onse awiri anali atatupa ngati maungu, ndipo kuyambira tsiku limenelo sanakwerenso ngakhale chiunda cha pakhomo.

Ndalama zinabwera monga ananenera Mayi Seol. Deok-bae ankaimika galimoto m'mbali mwa munda, kutsitsa galasi pang'ono, alimi n'kumamugulitsa adyo akadali m'nthaka pamtengo wotaya. Chaka chimenecho mtengo unakwera kawiri. Anamanga nyumba yosungiramo adyo, kenako ina. Amene ankamuseka anayamba kumuweramira, "Abwana Tak, abwana Tak."

Nyali za galimoto zitazima anakumbukira mkulu wake, Deok-man, wometa tsitsi wa pafupi ndi positi. Anamutenga kukalambula manda a makolo. Pobwera nyali zinkawala ngati dzuwa, Deok-man akutikita m'maso. Patapita masabata awiri anadula khutu la mphunzitsi wamkulu ndi lumo, n'kutseka shopu imene anaigwira zaka makumi atatu.

Deok-bae anachita mantha? Pang'ono. Anasiya kumwa mowa kuti angadzabwebwete. Akamadya ankayang'ana abale ake patebulo ngati munthu woyang'ana zitsulo mugalaja. Koma giyabokosi itayamba kudumphadumpha sanachedwe. Ananyamula apongozi aja m'manja, ati akadye nkhanu kunyanja ku Pohang.

"Ndiwe wekha umandikumbukira," anatero mayiwo akukhala pampando.

Ku Pohang n'kutali. Anamwalira tsiku lachitatu, m'mimba mutapotana, madokotala osamvetsa. Pamaliro, nkhata zamaluwa za mkamwini zinafika mpaka kumsewu, ndipo iye ndi amene analira mokweza kuposa ana obala.

Kenako oyilo anayamba kusiya chithaphwi pabwalo.

"Amake Mi-ran, mkazi wa bwana sakhala kutsogolo ngati wothandiza dalaivala. Pitani kumbuyo, anthu akuoneni."

Mayiyo anakhala, akumwetulira mwamanyazi. Lamlungu lotsatira, pakati pa nyimbo kutchalitchi, anadzinyowetsa pamaso pa azimayi onse. Ine ndinali benchi yachiwiri. Zinapitirira tsiku ndi tsiku, galimoto ili youma pansi ngati mbale yotsuka. Tsiku lina zinamuchitikira m'galimoto momwemo, ndipo pokolopa mpando dzanja lake linagunda chinthu chosokerera. Anang'amba. Nsomba inamuyang'ana, ulusi woyera uja utafiira.

Mayiyo sanaphunzire kwambiri, koma maondo, maso ndi maliro anaziwerenga bwinobwino. Anamupeza mwamuna wake akudya.

"Abambo ake a Mi-ran, mayi anga munawagula zingati?"

"Khala chete, mkazi iwe."

"Ankakuthokozani! Mumawanyamula m'manja akukuthokozani, mfiti inu!"

"Nanga denga latsopanoli sukugonamo? Chikhoto chaubweya icho unachikana? Tadyera limodzi, usadziyeretse."

Amake Mi-ran anavula chikhotocho n'kuchiponya mumsuzi. Ananyamula kachikwama, ulendo wa ku Ulsan kwa mwana wake, koma basi isanabwere anazungulira msika wonse, benchi ndi benchi. Pofika madzulo ngakhale msuweni wa msuweni anali atamva. Deok-bae anasokereranso nsomba yake, koma panalibenso m'bale woyandikira galimotoyo. Akaiona ikubwera, ankawoloka msewu.

Miyezi isanu ndi itatu mpando unakhala wopanda munthu. Anayesa kutenga alendo a pamsewu, osathandiza. Kumbuyo kunayambanso kutsika, nyali kuchita nkhungu, mabatani kuchita misala, ndipo injini inayamba kugogoda ngati munthu wofuna kutuluka m'bokosi. Alimi akamva kugogodako ankati abwerenso mawa. Manyazi atamuthera, anaimbira foni mwana wake Mi-ran, amene anali ndi pakati pa miyezi isanu ndi iwiri.

"Mwana wanga, usamavutike ndi mabasi. Ndibwere ndizikuperekeza kusikelo."

Amene anayankha anali mayi ake. "Mukadzaponda ku Ulsan ndi chigalimoto chanucho, ndidzakuthirani madzi owira kumaso. Mdzukulu wanu yemwe! Galu ali bwino."

Nthawi ya masamba ofiira itakwana, a kalasi yathu ya kupulayimale tinakonza ulendo wa kuphiri la Juwang, kumene tinkati tikasankhe wapampando wa bungwe lathu. Opikisana anali awiri, mukuwadziwa. Enafe timakwera basi, olemera amabwera ndi galimoto zawo. Deok-bae anadziwa kuti bwana wodziyendetsa yekha amatchedwa wa takisi, choncho analemba dalaivala wa tsiku limodzi, bambo Eom, wa magolovesi oyera. Maganizo ake anali okhala kutsogolo, pambali pake.

M'mawa umenewo, pabwalo la sukulu yakale, anthu makumi anayi ataimirira, bambo Eom anachita zimene dalaivala aliyense waulemu amachita. Anazungulira galimoto, anatsegula chitseko chakumbuyo cha kumanja, n'kuwerama.

"Abwana, lowani."

Deok-bae analambalala, dzanja lili pachitseko chakutsogolo. Chun-sik anaomba m'manja.

"Taonani, anzanga! Bulu ndi bulu basi. Walemba dalaivala kuti iye akhale wonyamula chikwama! Kapena n'zoona zimene akunena azimayi a pamsika, aise? Ukuopa mpando wako womwe?"

Deok-bae anayang'ana mpandowo, anayang'ana nkhope makumi anayi. Mumtima anati, mpaka pakona pokha, mamita mazana awiri, ndikatsika. Anaseka mokweza, analowa yekha, chitseko n'kutsekeka.

Atafika pakona anacheuka. Galimoto ya Chun-sik inali pambuyo pomwepo, basi yathu pambuyo pake, tonse nkhope pamagalasi.

"Ndiime, abwana?"

"Yendetsa. Tikaima patsogolo, akatidutsa."

Chun-sik sanawadutse, ifenso sitinawadutse. Msewu wa kuphiri ndi wopapatiza, ndipo Chun-sik anamumatirira dala. Bambo Eom anatifotokozera pambuyo pake kuti anafunsa katatu ngati aime. Ulendo woyamba bwana anali akusisita maondo. Wachiwiri ankafunsa chifukwa chake kunja kwachita mdima chonsecho kunali dzuwa. Wachitatu anagwira pachifuwa, thukuta lili kamukamu, koma anafunsa chinthu chimodzi chokha.

"Chun-sik akadali pambuyo?"

"Akadali, abwana."

"Yendetsa."

Ndipo galimoto, akutero bambo Eom, inkapepuka kilomita iliyonse. Kugogoda kunatha. Sanayendetsepo galimoto yokoma chotero moyo wake wonse.

Titafika, inaima pansi pa mitengo ikunyezimira ngati yochokera kufakitale. Bambo Eom anatsegula chitseko, anawerama, n'kubwerera m'mbuyo akukuwa. Pampando panali nkhalamba yamano ogweluka, maso oyera, buluku lonyowa, mutu ukugwedezeka. Inkapuma, koma dzina lake sinkalidziwa. Njala ya miyezi isanu ndi itatu inali italipidwa m'makilomita makumi asanu ndi limodzi.

Chun-sik anasankhidwa popanda wopikisana naye, ndipo mpunga wa masana tinadya ndithu, poti unali wolipiriratu.

Deok-bae anakhala masiku khumi ndi limodzi m'chipatala asanatsirizike. Palibe m'bale anabwera, kupatula Deok-man wakhungu uja, amene anachita kutsogoleredwa mpaka pabedi, anapapasa nkhope ya mng'ono wake kuti atsimikize, n'kulavulapo. Nyumba za adyo zinagulitsidwa. Galimoto amake Mi-ran anakana kuti aliyense aigule, ngakhale ogula anachita kulimbirana. Anaipereka kwa ophwanya zitsulo, ndipo anaimirira pomwepo mpaka inasanduka kabokosi.

Ndiye inu amene mumameza malovu galimoto ya mnzanu ikadutsa, imvani. Chuma chamankhwala chilibe chaulere, chimadya a pakhomo pako mmodzimmodzi, ndipo mbale ikatha chimatembenukira mwini. Dyera linamupatsa Deok-bae mtima wogulitsa abale ake, kunyada n'kumukaniza mawu amodzi okha amene akanamupulumutsa, oti "ima". Chimene thumba lako silingadyetse, chisiye chidutse. Kuyenda wapansi sikunaphepo apongozi a munthu.