Masupuni Awiri mu Tiyi

Apongozi anabwera kudzathandiza kulera mapasa kwa milungu itatu, koma mwezi wachisanu ndi chiwiri unawapeza akadali m'chipinda cha alendo. Make mapasa, telala wosokera pakhomo, anali atazolowera kumeza mawu. Chimene chinkamukanika kuzolowera ndi maso a apongoziwo, omwe ankamuyeza m'chiuno akangowerama pa makina.

"Mwana wanga anakwatira mtsikana wooneka khosi," ankatero. "Lero mpando ukuchita kulira."

Mwamuna wake ankangoseka, maso ali pafoni.

Lolemba m'mawa apongozi anaika botolo loyera patebulo, pakati pa sizasi ndi ulusi.

"Kitosani wamadzi uyu, mankhwala ochepetsa thupi. Akuti amagwira mafuta m'mimba asanalowe m'thupi. Ukwati wa mlamu wako watsala milungu isanu. Sitikufuna wina atseke anzake pa zithunzi."

Make mapasa anatembenuza botololo n'kuwerenga timalemba takumbuyo. Mankhwalawo anali opangidwa ndi zikamba za nkhanu.

"Amayi, ine nkhanu zimandiwenga. Ndili mtsikana zinatsala pang'ono kundipha, bambo a mapasa akudziwa. Komanso ndikuyamwitsa."

"Waulesi sasowa chowiringula," anatero apongozi, n'kutenga botolo lawo.

Lachinayi apongozi anamubweretsera tiyi pa makina pomwepo, chinthu chomwe anali asanachitepo. Mtima wake unafewa. Tiyiyo ankawawasa pang'ono, koma anamwa yense poopa kuwakhumudwitsa. Asanamalize kupinda siketi imene anali nayo, milomo inayamba kuyabwa, zidzolo zinabuka m'manja, kukhosi kunathina ngati wina wamanga chingwe. Mwayi wake, mphunzitsi wina amene anabwera kudzayesa diresi anali ndi galimoto. Anamuthamangitsira kuchipatala.

Atamubaya jakisoni, mpweya utabwerera, dokotala anamufunsa chimene anadya.

"Tiyi yekha," anayankha. Mawuwo atangotuluka m'kamwa, anazindikira zonse, ndipo misozi inatsikira m'makutu ali chigonere.

Anatuluka mawa lake masana. Anapeza apongozi atakhala pasofa, mwamuna wake ataima pawindo.

"Amayi, munathira chiyani mu tiyi wanga?"

"Iii, munthu kukuchitira zabwino walakwa? Masupuni awiri okha! Ndimadziwa bwanji kuti thupi lonseli n'losalimba chonchi?"

"Ndinakuuzani! Ndinakuuzani ndi pakamwa pangapa!" Anatembenukira mwamuna wake. "Bambo a mapasa, mwamva? Amayi anu anatsala pang'ono kusiya ana anu amasiye, inu muli duu?"

Mwamunayo anakanda m'mutu. "Zachitika, zachitika. Amayi ndi akulu, tisawakwezere mawu."

"Achoke m'nyumba muno lero."

Apongozi anadzambatuka, nkhope ili gwaa. "Ndichoke ine? Iwe, uwuze mkazi wakoyu zoona! Anagula botolo lija ndani? Anandiuza ndani kuti ndizithira pang'onopang'ono asadziwe? Ine ndisasenze ndekha mtolo wa anthu awiri!"

Kuchipinda mmodzi wa mapasa anayamba kulira.

"N'zoona?" Mawu a make mapasa anatuluka otsika.

"Ndinkaganiza kuti za nkhanuzo zinali za kuubwana, zinatha," anatero mwamunayo, osamuyang'ana. "Anzanga kuntchito amandiseka. Tsiku lija unandibweretsera makiyi, wina anafunsa ngati ndiwe azakhali anga."

"Ndiye munawayankha chiyani?"

Mwamunayo anatembenukira kuwindo.

"Thupi ili linanyamula ana anu awiri nthawi imodzi. Linang'ambidwa ndi mpeni inu muli pakhonde la chipatala kuimbira anzanu omwewo kuti ndinu mwamuna weniweni. Lero likukuchititsani manyazi?"

Analowa kuchipinda n'kumenyetsa chitseko. Anayamwitsa ana onse awiri akulira, misozi ikudonthera pamitu yawo. Kenako anaimbira mchimwene wake kuti abwere ndi lole yake yonyamulira matabwa.

Makina osokera anakwera poyamba, kenako mabedi a ana ndi masutikesi awiri. Mwamunayo anagwada pakhomo, anthu oyandikana nawo akusuzumira pampanda.

"Mkazi wanga, pepa. Amayi apita mawa, ndikulonjeza. Tiitane ankhoswe tikambirane."

"Amayi anu asapite. Mumamvana bwino awirinu."

"Nanga ku ukwati ndikawauza chiyani anthu?"

Make mapasa anayembekezera kuti mwina afunsa za ana, kapena za kukhosi kwake komwe kunali kukadapweteka. Funso lake linali lomwelo basi.

"Mukawauze kuti m'nyumba mwanu mwapepuka," anatero.

Anakwera kutsogolo, mwana wina pamwendo, wina pachifuwa. Mchimwene wake anafunsa ngati sanaiwale kanthu. Iye anapukusa mutu, ndipo lole inanyamuka mwamunayo akadali chigwadire pafumbi.